Mbale Ikuzungulira, Sipika Ikung'ung'udza: Kusaka Vuto mu Preamp Yopanga Nokha

Amisiri anzanga, achimwene ndi achemwali amene mwachokera ku Liwonde, ku Ntaja, ku Ulongwe, ku Phalula ndi kuno ku Balaka, lero mafoni tiwaike kaye pambali. Ndikudziwa kuti nsima ya ambiri mwa inu ikuchokera m'kusintha magalasi ndi mabatire a mafoni, koma ndikufuna tikambe za kachipangizo kena kokwana m'dzanja, kamene ena mwa inu mwayamba kale kupanga: preamp ya galamafoni. Kuipanga sikuvuta. IC imodzi, marezisita ndi makapasita owerengeka, kabolodi, basi. Chovuta n'chakuti mukailumikiza koyamba, kawirikawiri siimba bwino. Imang'ung'udza, kapena imangoti zii, kapena imaimba mbali imodzi.

Wina afunsa kuti mbale zikupezeka kuti masiku ano. Zilipo, m'masutikesi ndi kunsi kwa mabedi. Agogo athu amene anapita ku migodi ya ku Joni kudzera ku Wenela, kufikira pamene Kamuzu analetsa ulendowo mu 1974 ndege itagwa ku Francistown n'kupha anthu athu oposa 70, ndiponso amene anapita pambuyo pake ndi TEBA mpaka 1988, ankabwera ndi njinga, mabulangeti, wailesi ndi mbale za Gallo. Amene anagwira ntchito ku Bulawayo anabwera ndi magalamafoni a Supersonic opangidwa komweko. Ku Ndola kampani ya Teal inkadinda mbale za oimba a ku Zambia, ndipo kwathu kuno chakumapeto kwa zaka za m'ma 1960 kunali Nzeru Record Company imene inkatulutsa timbale ting'onoting'ono ta oimba athu. Nyimbo zimene zinatchukitsa Balaka, za Alleluya Band imene inayamba mu 1978, za Paul Banda ndi mng'ono wake Lucius, zinafika m'makomo pa kaseti. Mbale ndi za m'badwo wam'mbuyo mwake, ndipo zina mwa nyimbo zili m'menemo simungazipeze pa foni ya munthu aliyense. Koma mawailesi ndi maampu amene akugulitsidwa lero ali ndi khomo la AUX, la USB ndi Bluetooth, khomo la PHONO mulibe. Ndiye mwini mbale amabwera kwa inu.

Tisanayatse ayironi timvetsetse kaye ntchito ya kachipangizoka, chifukwa amene sadziwa choyenera kutuluka sangazindikire cholakwika. Ntchito zake ndi ziwiri. Yoyamba ndi kukweza mphamvu. Singano ikamayenda mu mzere wa mbale imagwedeza kamaginito kamene kali pafupi ndi makoyilo m'kati mwa katiriji, ndipo makoyilowo amatulutsa magetsi ochepetsetsa, mamilivoti 3 mpaka 5. Khomo la AUX limayembekezera mamilivoti 300 kapena kuposerapo. Choncho preamp iyenera kuchulukitsa mawuwo pafupifupi ka 100. Ntchito yachiwiri ndiyo ambiri amaiwala. Podula mbale, opanga amachepetsa dala besi n'kukweza mawu osongoka. Besi ikasiyidwa mmene ilili, mzere umakhotakhota kwambiri, umadya malo, singano n'kumadumpha. Mawu osongoka amawakweza kuti apose phokoso la pulasitiki. Kale kampani iliyonse inali ndi muyezo wakewake, kufikira mu 1954 pamene bungwe la makampani a mbale ku America, RIAA, linakhazikitsa muyezo umodzi. Preamp imabweza zimene zinachitika podula zija. Imakweza besi kuyambira pa 500 Hz kutsika mpaka pa 50 Hz, ndipo imatsitsa mawu osongoka kuyambira pa 2,122 Hz kukwera m'mwamba.

Apa tcherani khutu, pakuti mavuto athu ambiri amachokera pomwepa. Magetsi amene amapangidwa ku Nkula, ku Tedzani ndi ku Kapichira ndi madzi a Shire odutsa pa baraji ya Kamuzu pa Liwondepo amasinthasintha ka 50 pa sekondi. Pa 50 Hz pomwepo, preamp yanu ikukweza mawu ka 7 kuposa mmene ikukwezera pa 1,000 Hz, ndiye kuti pafupifupi ka 700. Tawerengani nokha. Nyimbo ya mamilivoti 5 ikachulukitsidwa ka 100 imatuluka theka la voti. Milivoti imodzi yokha ya magetsi a m'nyumba ikalowa mwakuba pakhomo la preamp, imatuluka ili mavoti 0.7, kuposa nyimbo yomwe. Preamp imene mwapanga ikhoza kukhala yolondola rezisita iliyonse, koma waya mmodzi wadutsa pafupi ndi thiransifoma, nyimbo yonse yamira.

Funso loyamba kwa kasitomala likhale lakuti galamafoni yake ndi yamtundu wanji. Magalamafoni ambiri akale a m'kabati ndi onyamula m'manja, amene agogo ankaimbira pa zikondwerero, alibe katiriji ya maginito. Ali ndi ya seramiki kapena ya kristo, imene imatulutsa mamilivoti mazanamazana, nthawi zina kufika voti yathunthu, ndipo mawu ake amatuluka atawongoka kale pang'ono mwa chibadwa chake. Katiriji yotere mukailowetsa mu preamp ya RIAA, mawu amasweka ndi kukhadzula m'makutu, inu n'kuyamba kusintha ma IC popanda chifukwa. Imeneyi imafuna khomo la rezisitansi yaikulu, megaohm imodzi kapena kuposerapo, ndipo siifuna kukwezedwa ka 100. Kuizindikira n'kosavuta: ikani mita pa timiyendo take. Ya maginito ionetsa maohm mazana angapo chifukwa muli koyilo, ya seramiki sionetsa kanthu. Palinso ya maginito yamtundu wina, yotchedwa MC, imene imatulutsa osakwana theka la milivoti. Imeneyo ndi yosowa kwathu kuno, koma mukakumana nayo, preamp yanu izimveka ngati yafooka pamene ili bwinobwino. Yang'ananinso kumbuyo kwa galamafoni zatsopanozi. Zambiri zili ndi preamp yakeyake m'kati, ndi kaswichi kolembedwa PHONO ndi LINE. Kakakhala pa LINE inu n'kuwonjezerapo yanu, mawu akwezedwa kawiri ndipo besi ikhala yosamveka mutu wake.

Tsopano kafufuzidwe. Mlimi wa mpunga ku sikimu ya Domasi madzi akapanda kufika m'munda mwake sakumba ngalande yonse. Amapita chapakati, n'kuona ngati madzi afika pamenepo. Akawapeza, wadziwa kuti chotseka chili kumunsi, akapanda kuwapeza, akwera kumtunda. Inunso chitani chimodzimodzi. Njira ya mawu ndi iyi: singano, katiriji, timawaya ta m'kati mwa mkono, nthambo, preamp, nthambo ina, ampu, sipika. Idulireni pakati. Ndipo musinthe chinthu chimodzi nthawi imodzi. Chizolowezi chimene ndimadana nacho pakati pa amisiri n'chowotcherera malo asanu, kusintha IC ndi makapasita awiri, kenako n'kuyatsa. Ikagwira, simudziwa chimene chachiza. Ikakana, mwawonjezera matenda.

Tiyambe ndi kung'ung'udza, popeza ndiko kudzakudyerani nthawi yambiri. Zulani nthambo za galamafoni, ndipo m'malo mwake mulowetse mapulagi awiri a RCA amene mwalumikiza nsonga yake ndi chikopa chake. Yatsani. Phokoso likatha, preamp ilibe mlandu, pitani ku galamafoni. Kumeneko woyamba kumukayikira ndi kawaya kaja kopyapyala kamene kamatuluka pambali pa nthambo ziwiri, kamene anthu amakasiya kakulendewera chifukwa sadziwa kopita. Kamachokera ku chitsulo cha galamafoni ndi mkono wake, ndipo kayenera kumangidwa pa sikuluwu ya bokosi la preamp. Chizindikiro chake n'chakuti mukakhudza mkono wa galamafoni ndi chala, phokoso limasintha. Ena amakakhomera pa msomali m'dothi panja, poganiza kuti earth ndi dothi. Ayi, kawayako kakufuna preamp. Kakakhala kuti kali m'malo mwake, yesani ndi mita chikopa cha nthambo iliyonse kuyambira ku pulagi mpaka ku katiriji, chifukwa nthambo zakale zimaduka m'kati pafupi ndi pulagi, kunja zikuoneka zabwino.

Phokoso likapitirira mapulagi aja ali pomwepo, vuto lili kwanu. Mvetserani mtundu wake. Lakuya, losalala, la mmmm, ndi la 50 Hz, ndipo limalowa kudzera mu maginito a thiransifoma kapena mu earth yolumikizidwa molakwika. Lokhakhala, lokwererapo pang'ono, la zzzz, ndi la 100 Hz, ndipo limachokera ku magetsi osasefedwa bwino pambuyo pa madayodi. Kuti mutsimikize, chotsani thiransifoma yonse n'kuikapo mabatire awiri a mavoti 9, limodzi kumbali ya pozitivu, lina ku negativu, pakati pawo n'kupita ku earth. Kukakhala bata, konzani gawo la magetsi: kapasita yosefa ndi yaing'ono kapena yauma, kapena thiransifoma yayandikira kwambiri. Kukapanda kukhala bata, nyamulani bokosilo, litalikitseni ndi ampu, litembenuzeni uku ndi uku. Phokoso likamasintha ndi katembenuzidwe, likuchokera ku thiransifoma ya ampu, ndipo mankhwala ake ndi mtunda basi.

Bokosi likhale lachitsulo. La pulasitiki kapena la matabwa limakongola, koma silitchinga kanthu. Ndipo mawaya onse a earth akumane malo amodzi, pafupi ndi khomo lolowera, bokosi n'kulumikizidwa pamalo amodzi omwewo. Earth ikapita ku bokosi kudzera njira ziwiri, yapanga mphete, ndipo mphete ya waya iliyonse imatola maginito a 50 Hz.

Pali kung'ung'udza kwina kumene kumasokoneza mitu. Masana preamp ili phee, madzulo ikuyamba zzzz. Mwini wake amati mwamukonzera zachinyengo. Chifukwa chake n'chakuti regyuleta ya 7812 imafuna kuti magetsi olowa apose otuluka ndi mavoti osachepera 2, ndiye kuti alowe 14 kapena kuposa. Madzulo anthu akayatsa zophikira, mavoti 230 a m'nyumba amatsika, thiransifoma yanu imatsika nawo, regyuleta n'kuleka kugwira ntchito yake. Sankhani thiransifoma yotulutsa zochulukirapo, kapena tsikirani ku 7809 ndi 7909. Kumidzi ya ku Nsanama kapena ku Utale, kumene ambiri amadalira sola, mdani ndi inveta yotchipa. Magetsi ake si osalala, amadumpha mwamakona, ndipo phokoso lake limalowa paliponse. Chimodzimodzi tchaja ya foni ndi mababu ena a LED. Tchaja ya foni isayandikire preamp, ndipo musaiyese n'komwe kukhala gwero la magetsi ake. Maganizo anga ndi akuti kwathu kuno preamp yabwino ndi ya mabatire. IC ya NE5532 imadya mamiliampu pafupifupi 8, TL072 imadya ochepera theka la amenewo, ndipo batire siling'ung'udza. Mukafuna kugwiritsa ntchito batire limodzi la mavoti 12, pangani pakati ndi marezisita awiri ofanana ndi kapasita yaikulu, kuti miyendo 3 ndi 5 ya IC ikhale pa mavoti 6, ndipo musaiwale kapasita pakhomo yotchinga magetsiwo kuti asalowe mu katiriji.

Ndinene pano za moyo wanu. Mukamagwira gawo la thiransifoma, zulani pulagi kukhoma. Magalamafoni akale a mavalavu amasunga mavoti mazana m'makapasita ngakhale atazimitsidwa, ndipo ena chitsulo chake chenicheni chimakhala ndi moto.

Preamp yongoti zii ndi yosavuta. Tengani mita. Pa NE5532, TL072 kapena 4558, mwendo 8 ukhale ndi pozitivu, mwendo 4 negativu. Mbali imodzi ikasowa, yang'anani regyuleta ya negativu, chifukwa miyendo ya 7912 siyendera dongosolo la 7812. Pa 7812 ndi kulowa, earth, kutuluka. Pa 7912 ndi earth, kulowa, kutuluka. Ophunzira ambiri amagwa pamenepa. Onaninso kuti kamphako ka IC kaloza kolondola. Kenako yesani miyendo 1 ndi 7, yotulutsa mawu. Pa magetsi a mbali ziwiri iyenera kukhala pafupi ndi ziro. Ikakhala kuti yakakamira pafupi ndi pozitivu kapena negativu, njira yobwerera ku mwendo 2 kapena 6 yaduka, kapena mwendo wolowera ulibe rezisita yopita ku earth, kapena mwaiwala kapasita imene imakhala kunsi kwa rezisita yoyeza kakwezedwe. Popanda kapasita imeneyo, kacholakwika ka mamilivoti ochepa ka m'kati mwa IC kamachulukitsidwa mpaka kukhala mavoti. Zonse zikakhala bwino, tsitsani voliyumu, gwirani chitsulo cha sikuludiraiva n'kukhudza mwendo 3, kenako 5. Sipika ikabangula, kuyambira pamenepo kupita kutsogolo kuli moyo. Otsala ndi maso anu: njanji ya bolodi imene munaiwala kudula, kadontho ka mtovu kolumikiza njanji ziwiri, malo owotcherera otuwa m'malo monyezimira. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Ikamaimba mbali imodzi, sinthanitsani mapulagi awiri ochokera ku galamafoni. Chete akasamukira ku sipika ina, vuto lili ku galamafoni. Kumbuyo kwa katiriji kuli timawaya tinayi: koyera ndi kabuluu ta kumanzere, kofiira ndi kobiriwira ta kumanja. Makoyilo awiriwo aonetse maohm ofanana kapena oyandikana. Chinyezi cha m'mbali mwa Shire ndi nyanja ya Chilwa chimachititsa dzimbiri tizipanizo ta timawayati, choncho tivuleni, tipaleni pang'ono, tifinyeni n'kutibwezera. Musawotcherere pa timiyendo ta katiriji, kutentha kumadula koyilo m'kati ndipo katirijiyo yatha. Mukasemphanitsa timawaya ta mbali imodzi, mbali zonse ziimba, koma besi ithawa ndipo mawu a woimba azimveka ngati alibe poima.

Vuto lobisika kwambiri ndi la preamp imene ikuimba koma mawu ake si enieni. Akakhala ophimbika, ngati woimba ali kuseri kwa chitseko, yang'anani rezisita ya pakhomo. Iyenera kukhala 47k, mizere yake yachikasu, yapepo ndi yaolenji. Mzere wachitatu ukakhala wofiira, imeneyo ndi 4.7k, ndipo mawu osongoka ayamba kufa pasanafike ndi pa 2,000 Hz pomwe. Pa nyali yofooka olenji ndi kufiira zimafanana, n'chifukwa chake rezisita iliyonse muziiyesa ndi mita musanaiwotcherere. Makapasita nawonso: 102 ndi 1 nF, 103 ndi 10 nF, 104 ndi 100 nF. Nambala imodzi yokha yasintha, muyezo wa RIAA wapita kutali ka 10. M'gawo limeneli ikani makapasita a poliyesita. Timakapasita tozungulira ta seramiki totchipa timasintha ndi kutentha, ndipo kutentha kwa mwezi wa Okutobala ku Liwonde mukukudziwa. Koma musanamizidwe kuti mugule makapasita a mtengo wa thumba la feteleza. Khutu silimva mtengo, limamva nambala yolondola.

Muyezowu mungauyese popanda zida zodula. Ikani pa foni pulogalamu yotulutsa kaliridwe kamodzi, tsitsani mphamvu yake ka 100 ndi marezisita a 10k ndi maohm 100, n'kulowetsa mu preamp. Yezani chotuluka pa 1,000 Hz. Pa 100 Hz chiyenera kukula pafupifupi ka 4.5, pa 10,000 Hz chitsike kufika pa gawo limodzi la magawo asanu. Mamita otchipa sawerenga zoona pa mawu okwera chotere, ndiye lowetsani mu kompyuta n'kuyang'ana pa Audacity, pulogalamu yaulere. Yesani mbali zonse ziwiri, zifanane.

IC ikamatentha popanda chifukwa, kapena mawu akamasintha dzanja likangoyandikira bolodi, ndiye kuti ikudziimbira yokha m'mwamba mmene khutu silifika. Ikani kapasita ya 104 kuchokera pa mwendo 8 kupita ku earth, ina pa mwendo 4, pafupi penipeni ndi IC. Onjezani rezisita ya maohm 100 potulukira, ndipo mawaya otuluka asagone pamodzi ndi olowa. Phokoso la shiii lopitirira muyezo nthawi zambiri ndi IC yachinyengo, yolembedwa NE5532 pamwamba koma m'kati muli china. Ikani soketi kuti muzitha kusintha osawotcha bolodi, ndipo IC yozula m'mikisa kapena DVD yakufa ndimaikhulupirira kuposa yatsopano yosadziwika kochokera. Mukamva wailesi ikulankhula chapansipansi, kapena ti-ti-ti foni ikafuna kulira, ikani kapasita ya 100 pF pakhomo penipeni. Musapitirire pamenepo. Nthambo yokha ili kale ndi 100 pF pa mita imodzi kapena kuyandikira apo, ndipo makatiriji ambiri amafuna zonse pamodzi zikhale pakati pa 100 ndi 200 kapena kupitirirapo pang'ono. Nthambo ya galamafoni ikhale yaifupi, yaitali ikhale ya kutsogolo kwa preamp.

Zina mudzanamiziridwa inu pamene mlandu uli kwina. Nyimbo ikamakoka, ndi lamba wotambasuka kapena mafuta ouma. Galamafoni yochokera ku America imafuna mavoti 120, ndipo ngati mota yake imayendera kusinthasintha kwa magetsi, inapangidwira 60 Hz. Kuno idzazungulira 27.8 m'malo mwa 33⅓ ngakhale mutaipezera thiransifoma. Sipika ikamapuma mwamphamvu popanda mawu, mbale yapindika ndi dzuwa. Mawu akamabuma voliyumu ikakwera, galamafoni ndi sipika zakhala pa tebulo limodzi. Kusweka kwa mawu chakumapeto kwa mbale ndi singano yotha, ndipo chonde letsani mchitidwe woika ndalama yachitsulo pamutu pa mkono. Katiriji ya maginito imafuna kulemera kwa magalamu 2 kapena kuyandikira apo, ndipo singano yotha yopanikizidwa imapala mzere kosabwezeka.

Mbale zakale kwambiri, zolemera ndi zosweka msanga, zozungulira ka 78 pa mphindi, ndi nkhani ina. Zimenezi zinayamba kale mbale ya 33⅓ isanatuluke mu 1948 ndi ya 45 mu 1949. Mzere wake ndi waukulu, umafuna singano yonenepa pafupifupi kanayi kuposa ya masiku ano, ndipo zambiri zinadulidwa muyezo wa RIAA usanabwere, choncho preamp yolondola idzazimveketsa zophimbika. Musasinthe marezisita chifukwa cha zimenezo. Jambulani mu kompyuta mmene zilili, mukawongolere mu Audacity. Pozitsuka, madzi oyera ndi kadontho ka sopo wa ziwiya n'zokwanira, muziumitse zili chilili pamthunzi. Sipiriti musaiyandikize, imasungunula mbale za 78.

Amene mwabwera ndi mabolodi anu, aikeni patebulopa. Tiyamba ndi amene akung'ung'udza, ndipo wina andibwereke mabatire awiri.